Phunziro: kusamala ng'ombe yokalamba kuchokera m'chisanu mpaka mvula yoyamba

Phunziro la mwezi uno talitenga kumtunda, m'boma la Chiradzulu, koma likukhudza banja lililonse limene lili ndi chiweto choti chagwira ntchito zaka zambiri pakhomo, kaya ndi ng'ombe ya mkaka, ng'ombe yokoka ngolo kapena bulu. Ku Chiradzulu anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndiye alimi ambiri a mkaka a ku Namitambo, Thumbwe ndi madera ena amasunga ng'ombe m'khola n'kumaidulira udzu. Mkaka amagulitsa kudzera m'magulu awo amene ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, lija amangoti SHMPA. Banja lambiri lili ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri basi. Ng'ombe imeneyo ndiye fizi ya ana, ndiye feteleza, ndiye ndalama ya kuchipatala. Ikagwa mu Okutobala n'kukanika kudzuka, pakhomo pagwa zonsezo.

Ife a kunyanja tili ndi chophunzirapo chifukwa nyengo yake ndi imodzi. Mphepo ya kumwera imene imatikaniza kulowa panyanja m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ija timaitcha mwera, ndi yomweyo imene imabweretsa chiperoni kumapiri a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, mvula yowaza ya nkhungu ndi kuzizira kolowa m'mafupa. Chisanu chikatha pamabwera chilimwe, udzu n'kuuma, ndipo mvula yodalirika imafika cha mu Novembala kapena Disembala. Miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi imeneyi ndi imene imapha ziweto zokalamba.

1. Chifukwa chiyani yokalamba imaonda msanga?

Choyamba ndi mano. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba. Ili ndi mano 8 akutsogolo a m'munsi okha, ndipo imakoka udzu ndi lilime n'kuudula poupanikiza pa usinini wolimba wa m'mwamba. Mano achikulire amakwanira onse ikafika zaka zinayi kapena zisanu. Kuchokera apo amangoperepeseka. Ikamafika zaka 10 kapena kupitirira, mano amafupika, amatalikirana, ena amagwedera n'kuguluka. Phesi louma limene msoti amalitafuna mosavuta, nkhalamba imalimbana nalo nthawi yaitali n'kulisiya.

Chachiwiri ndi chakudya chenichenicho. Udzu ukakhwima n'kuuma umatsala ndi zomanga thupi zochepa kwambiri. M'mimba mwa ng'ombe muli tizilombo tabwino timene timaigayira udzu, ndipo tizilomboti tikasowa zomanga thupi timagwira ntchito pang'onopang'ono. Mimba imaoneka yodzaza, koma ng'ombe ikuonda.

Chachitatu ndi kuzizira. Chiweto chonyowa chimene chaima pamphepo chimawononga mphamvu zambiri pongodzitenthetsa. Chachinayi ndi anzake a m'khola: zazing'ono zamphamvu zimaikankha pamodyera, iyo n'kumadya zotsala.

2. Tiziyeza, tisamangoyang'ana

Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. M'nyengo yozizira ubweya umaima, ndipo ng'ombe imaoneka yodzaza pomwe nthiti zayamba kale kutuluka. Komanso munthu amene amaiona tsiku ndi tsiku sazindikira msanga kuti ikutsika. Ndiye tigwiritse manja.

Kawiri pamwezi tiziisisita malo anayi: nthiti, msana, mafupa a m'chiuno ndi pamene payambira mchira. Alangizi a ziweto amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Pa 1 ndi mafupa okhaokha, pa 5 yanenepa mopyola. Ng'ombe ya mkaka imafunika kukhala cha pa 3: nthiti zimamveka tikakanikiza pang'ono koma sizichita kuwerengeka uli patali, ndipo m'mbali mwa mchira mulibe maenje akuya. Ikafika pa 2 tisadikire mwezi wa mawa.

Sikelo ya ng'ombe ambirife tilibe, koma tepi ya telala ilipo. Tiyeze kuzungulira chifuwa, kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo. Kenako tiyeze utali kuchokera pa nsonga ya phewa kukafika pa fupa la m'mbali mwa mchira. Zonse m'masentimita. Pafoni tichulukitse nambala ya chifuwa ndi iyo yomwe, kenako ndi utali, n'kugawa ndi 10,840. Mwachitsanzo, chifuwa cha 160 ndi utali wa 140 zikutipatsa makilogalamu pafupifupi 330. Chifuwa chikatsika kufika pa 155, ndiye kuti yataya makilogalamu ngati 20. Nambalayi ndi yongoyerekeza, koma ikamayezedwa ndi munthu mmodzi, m'mawa isanadye, imaonetsa bwinobwino kumene ng'ombe ikulowera. Tizilemba m'kope. Amene alibe tepi atenge chingwe chosatamuka azimanga mfundo.

3. Chakudya chisungidwe nthawi yokolola

Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi makilogalamu 2.5 mpaka 3 pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake. Ya makilogalamu 330 ija ikufuna makilogalamu 8 mpaka 10 patsiku. Tikawerengera masiku 150 okha, tikupeza makilogalamu oposa 1,200. Mulu wa mapesi umene uli kuseri kwa nyumba ukukwana pamenepo? Funso limeneli tidzifunse mu Meyi, osati mu Sepitembala mapesi atayamba kugulitsidwa. Chaka cha 2024, pamene chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chinatikumbutsa kuti chimanga chikakanika, mapesi nawo amasowa.

Mapesi a chimanga, zotsalira za mtedza, nyemba ndi soya, makoko ndi masamba a nandolo, zonsezi tisaotche. Tiziunjike pathandala, pamthunzi, posafika mvula ndi chiswe. Zotsalira za mtedza ndi nandolo zili ndi zomanga thupi zambiri kuposa mapesi, choncho tizisungire yokalamba ndi ya bere. Masamba a lukina ndi gilisidiya ouma pamthunzi ndi abwino kwambiri, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa. Nsenjere yobzalidwa m'mphepete mwa dimba ndi m'migula imapereka chobiriwira pamene kwina kwauma.

Kunyanja kuno tili ndi zathu. Mapesi a mpunga ndi madeya ake zilipo, ngakhale madeya a mpunga osakanikirana ndi mankhusu ambiri sapindulitsa kwenikweni. Mitengo ya nsangu imagwetsa zipatso zake m'chilimwe, nthawi yeniyeni ya njala ya ziweto. Ana azitola tizisunga m'matumba, ndipo kwa ng'ombe yopanda mano tizizisinja kaye.

4. Kadyetsedwe ka nkhalamba

Tiduleni mapesi ndi nsenjere ndi chikwanje tizidutswa tofupika ngati chala. Mapesi ouma tiwawaze madzi a mchere pang'ono maola angapo tisanapereke kuti afewe. Madeya a chimanga tiwanyowetse akhale ngati phala lolimba, tiyambe ndi pang'ono n'kumaonjezera m'masiku 7 mpaka 10, ndipo tizigawa kawiri kapena katatu patsiku. Kukhuthulira ng'ombe yanjala madeya ambiri nthawi imodzi kumawawasa m'mimba mwake, imasiya kudya, mwina kufa kumene. Madeya a chuku, onunkha kapena oumbika, tisapereke ngakhale atakhala otchipa. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi cha ng'ombe ndipo amadutsa mpaka mu mkaka umene ana athu akumwa.

Yokalamba idye payokha, ipatsidwe nthawi yokwanira. Mchere usasowe, kadzanja kamodzi patsiku m'madeya, kapena mwala wonyambita uja amagulitsa m'masitolo a za ulimi. Madzi nawonso ndi chakudya: ng'ombe yokamidwa imatha zidebe ziwiri kapena zitatu za malita 20 patsiku, ndipo mu Okutobala imaposa apo. Ikachepetsa kumwa imachepetsanso kudya zouma.

Pali njira yofewetsa mapesi ndi feteleza wa urea: makilogalamu 4 a urea osungunula m'madzi pa makilogalamu 100 a mapesi odulidwa, kupondereza m'dzenje, kuphimba ndi pulasitiki osalowa mpweya kwa milungu itatu, kenako kuyanika pamphepo fungo lichoke. Njirayi imathandiza, koma ulendo woyamba tichite pamodzi ndi mlangizi, chifukwa urea wosasungunuka bwino kapena madzi ake otsala m'chidebe amapha ng'ombe msanga. Mapesi oterewa tisapatse bulu kapena ana a ng'ombe amene sanayambe kubzikula.

Tisaiwalenso majumbo. Ng'ombe yanjala ndi yosowa mchere imameza mapepala a pulasitiki, zingwe ndi zidutswa za maukonde otayidwa kugombe. Zikaunjikana m'mimba imaonda ngakhale ikudya, ndipo mankhwala akumwa sazichotsa.

5. Khola, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba

Denga likhale losadontha, mbali yochokera mphepo itchingidwe ndi udzu kapena masaka, ndipo pogona pakhale pouma. Ng'ombe yokalamba imene ikuopa kugona pamatope ozizira imaima usiku wonse, miyendo n'kutupa. Bulu ndiye safuna kunyowa n'komwe, chifukwa ubweya wake umalowa madzi msanga. Ndipo bulu akangosiya kudya tsiku limodzi, imeneyo ndi nkhani yoitanira mlangizi.

Nkhupakupa zimayamwa magazi ndi kufalitsa matenda, choncho kupopera kapena kusambitsa kusalekeke ngakhale m'chisanu. Ife odyetsa m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja tili ndi mdani winanso, tizilombo ta m'chiwindi timene timakulira mu nkhono za m'madzi n'kukakamira paudzu. Chizindikiro chake ndi kuonda, usinini wotuwa ndi kutupa pansi pa chibwano ngati mwalowa madzi. Si mankhwala onse a njoka za m'mimba amene amapha tizilomboti, ndipo ena monga albendazole saperekedwa kwa ng'ombe imene yangotenga bere. Tifunse alangizi a zaumoyo wa ziweto, amene ena mwa iwo amaphunzira ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu lomwelo. Tifunsenso masiku oyenera kudikira tisanamwe kapena kugulitsa mkaka ndi nyama.

6. Mvula yoyamba ili ndi msampha wake

Walira mvula walira matope. Msipu ukangophuka ambirife timati basi yapulumuka, n'kusiya mapesi ndi madeya tsiku lomwelo. Koma msipu wanthete ndi madzi okhaokha. Ng'ombe imatsegula m'mimba n'kuonda kuposa kale, ndipo yofooka imatha kugwa pa nthawi imeneyi udzu uli mbwee. Tizilombo ta m'mimba mwake timafuna milungu iwiri kuti tizolowere chakudya chatsopano. N'chifukwa chake tisunge mapesi ena a milungu iwiri kapena itatu ya kumayambiriro kwa dzinja. M'mawa idye zouma kaye, zobiriwira pambuyo, ndipo tizionjezera pang'onopang'ono. Nyemba zanthete zonyowa ndi mame zimatupitsa mimba mbali ya kumanzere. Mapira ongophukira ndi masamba aawisi a chinangwa ali ndi poizoni. Masamba a chinangwa azifota kaye padzuwa, ndipo m'munda wa mapira anthete chiweto chisalowe.

Ng'ombe yokoka nayo isamangidwe goli mwadzidzidzi itakhala miyezi osagwira ntchito. Tiyambe kuionjezera chakudya mwezi umodzi kapena iwiri ntchito isanayambe, igwire m'mamawa kusanatenthe, maola ochepa.

Kwa ya bere, tisiye kukama masiku 60 isanabereke kuti ibweze thupi. Koma tisainenepetse mopyola, chifukwa yonenepa kwambiri imavutika pobereka. Ng'ombe zokalamba za mkaka wambiri ndi zimenenso zimakonda kugwa n'kukanika kudzuka tsiku limodzi kapena awiri zitabereka, chifukwa cha kuchepa kwa mchere wa calcium m'magazi. Jakisoni wa mlangizi amaidzutsa akafika msanga, ndiye nambala yake ya foni ikhale pafupi.

7. Kudziwa nthawi yosiyana nayo

Pali ng'ombe ina imene ngakhale titaichitira zonsezi siingabwerere. Ngati mano atha, ikulephera kutenga bere, mkaka sukubweza ndalama ya madeya, ndipo chaka chatha tinachita kuidzutsa ndi mitengo, chifundo chenicheni n'kusailowetsanso m'chilimwe china. Nthawi yabwino yogulitsa ndi Epulo mpaka Juni, ili ndi thupi. Mu Okutobala wogula ndiye amatchula mtengo. Amene akuganiza za Qurbani akumbukire kuti chiweto chowonda kwambiri, chodwala moonekeratu kapena chotsimphina moonekeratu sichiloledwa, ndiye kuisunga mpaka itatheratu n'kutaya mbali zonse ziwiri. Ndipo msoti wolowa m'malo mwake tiyambe kumulera mayi wake akadali ndi mphamvu.

Mafunso okambirana pagulu

1. Ng'ombe kapena bulu wathu wamkulu ali ndi zaka zingati, ndipo tinamuyang'ana m'kamwa liti?
2. Chakudya chimene tasunga chikukwana masiku angati tikawerengera makilogalamu 8 mpaka 10 patsiku?
3. M'mudzi mwathu ndi zotsalira ziti zimene timaotcha chaka ndi chaka pomwe ziweto zikanadya?
4. Ndani m'gulu lathu ali ndi tepi ndi kope, kuti sabata ino tiyendere makola onse n'kulemba muyezo woyamba?