Chida Choyezera Magetsi Amene Mota ya Chigayo Ikudya

Kwa inu eni zigayo za magetsi, a pa boma la Ntchisi, a ku Malomo ndi Khuwi, pamodzi ndi anzathu a ku Mponela ndi Madisi, amene mudathira chuma cha fodya ndi soya m'nyumba ya chigayo: dziwani kuti mota imene izunguza chigayo chanu kawirikawiri siipsa mwadzidzidzi monga ambiri aganizira, pakuti isanatulutse utsi ndi fungo lija la mawaya opserera, imakhala itadwala masabata ambiri, mwini wake osadziwa kanthu. Akatswiri oyang'anira makina opanga magetsi ku Nkula ndi Tedzani pa mtsinje wa Shire, ngakhalenso a m'mafakitale a shuga ku Dwangwa ndi Nchalo, sadikira kuti makina afe. Ayeza kutentha kwake, kunjenjemera kwake ndi magetsi amene akudya, nalemba zonsezo, kuti chilema achipeze chikali chaching'ono. Nkhanga zidapangana kusanapse. Nzeru yomweyo ingathe kulowa m'chigayo cha pamudzi ndi chida chimodzi chokwana m'thumba la jekete, chimene amisiri achitcha clamp meter.

Chidachi chili ndi kamwa lotseguka ngati dzanja la nkhanu, ndi kagalasi koonetsa manambala. Magetsi akamayenda m'waya, pozungulira wayayo pamakhala mphamvu ya maginito imene ikula monga momwe magetsiwo akuchulukira. Ndipo kamwa lija, limene m'kati mwake muli chitsulo, likatsekera waya pakati, limva mphamvuyo, chida n'kuonetsa ma ampere, popanda kudula kapena kusenda waya. Muzitsekera waya umodzi wokha. Mukatsekera pamodzi mawaya onse atatu olowa m'mota, mphamvu zawo zimafafanizana, kagalasi n'kuonetsa ngati palibe chikuyenda.

Musanayeze kanthu, pukutani ufa pa kachitsulo kamene adakhomera pa nthiti ya mota, pakuti pamenepo wopanga adalembapo malire ake. Magetsi a ESCOM ofika pa chigayo ndi a three phase, a ma volt 400, ndipo mota ya 22 kW pa magetsi otere malire ake amakhala pafupi ndi ma ampere 40. Nambala ya mota yanu ilembeni pa tsamba loyamba la kabuku, kamene kazikhala m'kabati pamodzi ndi chidacho.

Tsono kuyeza kwake n'kotere. Mota itazimitsidwa ndi siwichi yaikulu, mmisiri atsegule bokosi, akole chida pa waya woyamba mwa atatu olowa, nayatse chigayo. Nambala imene ioneka pa kuyamba musaisamale, popeza mota poyamba kuzungulira imadya magetsi oposa malire ake kangapo. Dikirani kufikira wogayitsa atathira chimanga monga achitira masiku onse, chigayo chitakhazikika mawu, pamenepo lembani. Chitani chomwecho pa waya wachiwiri ndi wachitatu.

Manambala atatuwo ayenera kuyandikana. Mukapeza 36, 37 ndi 35, gonani tulo. Koma mukapeza 33, 36 ndi 44, pali nkhani, pakuti waya umodzi ukapatukana ndi anzake koposa gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti pena pali cholumikizira chokhwepa kapena chodyeka, kapena magetsi akufika osalingana, kapena mawaya a m'mimba mwa mota ayamba kupsa. Choopsa choposa zonse ndi pamene waya umodzi uonetsa 0, monga zichitikira fyuzi ikaduka pa thiransifoma nthawi ya ziphaliwali: mota imene inali kale pa liwiro imapitiriza kuzungulira ndi mawaya awiri, ikubuula, niwotcha m'kati m'mphindi zowerengeka. Zimitsani pomwepo, ngakhale pakhomo pakhale mzere wa amayi ndi madengu awo.

Koma phindu lenileni la chidachi, ndinena mosabisa, lili m'kabuku kaja, pakuti nambala ya tsiku limodzi inena zochepa, ndipo munthu amene agula chida nayeza nacho kamodzi kuti anzake amuone, wataya ndalama zake. Yezani tsiku lomwelo sabata iliyonse, pa ola lomwelo, ndi chimanga chouma. Ngati mu June mudalemba 35, mu July 37, ndipo mu August mwafika pa 39, ntchito ili yomweyo, china chake chikuilemetsa mota pang'onopang'ono: kapena nyundo za m'chigayo zatha mano, mwakuti chimanga chikuchedwa m'kati, kapena sefa yatsekeka ndi mphale imene amayi adabwera nayo isanaume bwino pa mphasa, kapena mabering'i auma, kapenanso malamba adawakoka kopitirira muyeso. Madzulo, pamene anthu ambiri ayatsa magetsi ndipo ma volt atsika, mota imadya ma ampere ochuluka kuti igwire ntchito yomweyo. N'chifukwa chake ndati ola likhale limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chipha mota ndi kutentha. Amisiri ali ndi lamulo lakale lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa malire, moyo wa utomoni wokuta mawaya a m'kati umafupika ndi theka. Chifukwa chake ufa umene umamatira m'mizere ya pamsana pa mota ndi pa chivundikiro cha fani muziusesa tsiku ndi tsiku, mota ili chizimire. Ndipo kachida ka m'bokosi kamene kamazimitsa mota ikalemedwa, kakamagwa kawirikawiri, musalole mnyamata wa pachigayo kukakweza kapena kukamanga ndi waya kuti ntchito ipitirire. Yezani, mupeze chimene kakugwera.

Pogula, sankhani chida chokhoza kuyeza ma ampere 200 kapena kuposa, cholembedwa CAT III 600 V, ndipo musanyengedwe ndi chotchipa chimene kamwa lake silitsekeka bwino. M'bokosi la siwichi muli imfa: asapisemo dzanja munthu amene sadaphunzire za magetsi, ndipo woyezayo akhale wa manja ouma, wovala nsapato, pansi pali pouma. Pezani mmisiri wa chiphaso cha MERA kuti ayeze, inu mukulemba. Eni zigayo atatu kapena anayi a pa msika umodzi angathe kusonkherana chida chimodzi ndi mmisiri mmodzi.

Kabuku kakaonetsa kuti manambala akukwera, koma asanafike pa malire, panganani ndi mmisiriyo tsiku lokonza. Miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ogayitsa achepa, ndiyo yoyenera kumasula chigayo, kusintha mabering'i ndi kutembenuza nyundo, kuti pofika May, chimanga chatsopano chikamatsika m'mapiri pa ngolo, mota yanu isakhale ili ku Lilongwe ikudikira kukulungidwa mawaya atsopano.