MALUWA AKAMALIMBIRANA NJUCHI IMODZI

Pa tchuthi china ndili kwathu kwa Jenala, agogo anandituma kukaona maungu awo kumunda. Timaungu tambiri tinali titachita chikasu n'kuthothoka tisanakule. Iwo anati, "Mdzukulu wanga, iwe wa sukulu, tandiuza chadya maungu angawa."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho m'mawa mwake ndinakakhala pamzere phee. Maluwa a dzungu amatseguka m'mamawa n'kufota dzuwa likakwera, ndipo duwa lachikazi silibala ngati njuchi siinalibweretsere mungu wa duwa lachimuna. Tsono njuchi zinali zochepa, ndipo zambiri mwa izo zinkangothamangira mpendadzuwa wa m'munda woyandikana nawo. Apo ndinatulukira kuti zomera nazonso zimalimbirana antchito.

Anzanga, kumapiri mpikisano umenewu ndi woopsa koposa. Tikakhala kwathu timaona phiri la Michesi ndi la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Pamwambapo pamazizira, pamawomba mphepo, ndipo nkhungu ya chiperoni ikakuta tizilombo touluka timalephera kuyenda. Maluwa ndi ambiri koma owatumikira ndi ochepa.

Chomera chimaluza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ija ya maungu a agogo: mlendo safika n'komwe. Yachiwiri ndi yobisika: njuchi imafika ndithu, koma itasenza mungu wa mtundu wina umene sungabereketse duwalo. Nawo mungu wa duwalo umakatayikira pa duwa lachilendo.

M'chaka cha 1978, katswiri wina, Nickolas Waser, anafalitsa zimene anapeza m'mapiri a Rocky ku Colorado, m'dziko la America. Kumeneko zomera ziwiri, Delphinium ndi Ipomopsis, zimadalira mbalame imodzimodzi, hummingbird, ndipo zimachita maluwa motsatizana. Iye anaona kuti maluwa otuluka pa nthawi imene ziwirizi zakumanizana amabala njere zochepa. Komatu kutsatizanako n'kothandiza zonse ziwiri, pakuti mbalame imapeza chakudya nyengo yaitali osasamuka.

Zomera za pa Mulanje nazo zinagawana ntchito m'njira zitatu. Zina zinagawana nyengo: maluwa ambiri apansi a mtundu wa orchid amatuluka m'dzinja, pamene aloe wa m'matanthwe amadikira nyengo yozizira. Zina zinagawana amithenga: duwa la aloe ndi lofiira, lalitali ngati kampope, loyenera timbalame ta milomo yaitali yopindika toyamwa timadzi totsekemera, pamene maluwa osaya amalandira njuchi, ntchentche ndi agulugufe. Zina sizipikisana nawo: mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umatuma mphepo, monga chichitira chimanga.

Ndiye kuti zomera zimene timaziona pamodzi paphiri sizinangokumana mwangozi, ndiponso si dothi ndi mvula zokha zimene zinazisankha. Ziwiri zikamafuna mthenga mmodzi pa nthawi imodzi, chofooka chimabala njere zochepa chaka ndi chaka mpaka chimasowa pamalopo.

Apa mpamene pali nkhawa yanga. Moto wolusa wa osaka mbewa ndi nyama ukapsereza maluwa a nyengo imodzi, mbalame ndi njuchi zimasowa chakudya n'kuchepa, ndipo maluwa a nyengo yotsatira amasowa owatumikira. Wofula uchi potentha mtengo wonse, ndi wopopera mankhwala mbewu zili pamaluwa, akupha antchito a m'munda mwake momwe.

Agogo ndinawasonyeza kuthyola duwa lachimuna m'mamawa n'kulikhudzitsa pakati pa lachikazi. Anaseka nati, "Ndiye ndasanduka njuchi ine?" Maungu otsatira anagwira ndithu.

Ndikupempheni anzanga: tchuthi chikubwerachi sankhani duwa limodzi, mukhale pafupi nalo theka la ola, mulembe alendo ake onse ndi kumene akupita akachoka. Tidzayerekeze zimene tapeza potsegulira sukulu.