Titumize mmishonale ku Mongolia?

Funso: Abusa, mpingo wathu wasonkha ndalama zothandizira ntchito ya Mulungu ku Mongolia. Titumize mmishonale, kapena tiphunzitse abusa a komweko?

Yankho: Phunzitsani a komweko. Chikomyunizimu chisanagwe mu 1990, Akhristu kumeneko anali owerengeka, choncho mipingo yambiri ndi yatsopano ndipo abusa ophunzira akusowa. Mlendo amatha zaka akulimbana ndi chinenero, kuzizira koopsa ndi zilolezo za boma, pomwe mwana wa komweko amalowa m'mahema a oweta ziweto n'kumveka tsiku lomwelo. Lemberani sukulu ya Baibulo ya Union Bible Theological College ku Ulaanbaatar, mufunse za fizi ndi mabuku. Mukafunabe kutumiza munthu, akhale mphunzitsi woitanidwa ndi mipingo ya komweko, ndipo musanagule tikiti, funsani bungwe la mishoni lodziwa malamulo a visa.