Munda wanu ungathandize mwana pa Biology

Mwana wa sekondale akabwera ndi buku lodzaza maina a magulu a zomera, makolo ambiri timangoti zimenezo n'za aphunzitsi. Komatu ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi zomerazo tili nazo pakhomo, ndipo mwana amene wazigwira ndi manja saiwala msanga pa mayeso a MANEB.

Yambani ndi funso limodzi: kodi chomerachi chimachita maluwa? Mutumeni mwana kukhwawa nyengo ya dzinja akaone ndere zobiriwira zomata pamiyala yonyowa. Zambiri mwa izo ndi moss: zilibe mizu yeniyeni, maluwa kapena njere. Pamithunzi ya m'mphepete mwa mitsinje apezanso fern. Atembenuze tsamba lake, aona timadontho tofiirira kunsi kwake. Mmenemo ndi mmene muli ma spore amene imaberekera. Nkhalango ya Ntchisi ili ndi ma fern ambiri, koma ndi yotetezedwa, choncho kumeneko azingoyang'ana ndi kujambula m'kope, osazula. Paini ali ndi njere koma alibe maluwa, njere zake zimakhala mu cone. Mkungudza wa ku Mulanje uli m'gulu lomweli la ma conifer.

Ntchito yaikulu ili pa zomera zamaluwa. Madzulo viikani m'madzi njere zingapo za chimanga ndi za mtedza. M'mawa mwana asende khungu la mtedza n'kuufinya pang'ono: ugawika pawiri. Chimanga sichigawika. Mtedza ndi dicot, chimanga ndi monocot. Maina amenewa awaloweze m'Chingerezi momwemo, poti mayeso amabwera choncho.

Kenako apite kumunda. Ang'ambe tsamba la chimanga, ling'ambika mowongoka chifukwa mitsempha yake imayenda mondondozana. La fodya kapena la soya mitsempha yake ndi yolukanalukana. Azule udzu ndi chisoso: udzu uli ndi mizu yambiri ing'onoing'ono, chisoso chili ndi muzu umodzi waukulu wolowa pansi. Duwa la dzungu awerenge nsonga zake, apeza zisanu, monga ma dicot ambiri amene zigawo za maluwa awo zimakhala 4 kapena 5. Za ma monocot zimakhala 3 kapena 6.

Ana amakodwa pa zinthu zochepa zomwezomwezo. Amati chimanga chilibe maluwa, pomwe ngayaye ndi ndevu zija ndiwo maluwa ake. Nthochi ndi nsungwi amaziika pamodzi ndi mango ndi masuku chifukwa ndi zazitali, chonsecho nthochi ndi nsungwizo ndi ma monocot. Bowa wa m'nkhalango ya Kongwe, ngakhale amamera pansi, si chomera. Ali m'gulu lake la fungi.

Masamba amene mwana watola awaike pakati pa nyuzipepala zakale, atsindike ndi njerwa kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako amate m'kope. Pansi pa lililonse alembe dzina la Chichewa limene agogo amuuze, gulu lake, ndi chizindikiro chimene chamuchititsa kuliika m'gululo.