Mmene Mizinda ya Kutali Inafikira Kumwera kwa Nyanja

Anthu a ku Mangochi ndi ku Monkey Bay ayenera kudziwa kuti mbiri ya dera lawo inalukidwa pamodzi ndi mbiri ya mizinda imene makolo awo sanaione. Mizinda imeneyo inakula chifukwa cha makina, ndipo itakula inatumiza zombo pa nyanja ino, pambuyo pake niitana amuna a kuno kuti akaigwirire ntchito.

1. Mzinda wa makina

M'chaka cha 1801 mzinda wa Glasgow ku Scotland unali ndi anthu pafupifupi 77,000. Pofika 1901 anali atapitirira 750,000. Ambiri a iwo anali obwera, ena ochokera kumapiri a dziko lomwelo, ena ku Ireland, kumene njala yoopsa inagwa kuyambira 1845. Anadza kudzaomba nsalu m'mafakitale ndi kudzakhoma zombo m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. David Livingstone yemwe anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Tsono makina afuna thonje, ndipo eni makina afuna misika. Chifukwa chake maso awo anayang'ana maiko a kutali.

2. Zombo pa nyanja

Livingstone anafika pa nyanja ino mu 1859. Mu 1875 sitima yotchedwa Ilala, imene amtengatenga anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire, inatsitsa amishoni a Livingstonia pa Cape Maclear, ndipo eni chuma a ku Glasgow anathandiza ulendowo ndi ndalama. Malungo anasautsa amishoniwo kufikira anasamukira ku Bandawe mu 1881. Koma malonda anali atayamba kale, pakuti mu 1878 ku Glasgow komweko kunakhazikitsidwa kampani imene anthu anaitcha Mandala, yogulitsa nsalu ndi kugula minyanga ya njovu. Ngakhale Ilala yachiwiri inapangidwa ku Glasgow. Inadza zidutswazidutswa, nilumikizidwa pa Monkey Bay, niyamba kuyenda mu 1951.

3. Mpikisano wa maufumu

Kumene kuli malonda, mbendera sichedwa kufika. Angerezi ndi Apwitikizi onse anafuna dziko lino. Ansembe oyamba a Mpingo wa Katolika, a chipani cha White Fathers, anafika kwa Mfumu Mponda pa 28 Disembala 1889 mothandizidwa ndi boma la Apwitikizi. Koma mu Januwale 1890 Angerezi anakakamiza Apwitikizi kuchotsa asilikali awo ku dera la Shire, ndipo mu Juni 1891 ansembewo anachoka kwa Mponda. Chaka chomwecho Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston pafupi ndi mudziwo, naikamo asilikali ochokera ku India. Pa linga limenelo panachokera boma limene lero litchedwa Mangochi.

Boma latsopano linathetsadi malonda a akapolo, amene anasautsa anthu a m'mbali mwa nyanja zaka zambiri. Linabweretsanso msonkho wa nyumba. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

4. Ulendo wa ku Joni

Golide anapezeka ku Johannesburg mu 1886, ndipo patapita zaka 10 zokha mzindawo unali ndi anthu pafupifupi 100,000. Munthu wa kumudzi wofuna ndalama za msonkho, nsalu ndi bulangete analibe kwina koyang'ana. Mu 1903 kampani ya Wenela inayamba kulemba amuna a dziko lino ntchito ya m'migodi. Ena anayenda okha pansi kunka ku Salisbury, kumene tsopano kutchedwa Harare. Ambiri anabwerera ndi njinga ndi makina osokera, ena anabwerera ndi chifuwa chachikulu, ndipo ena sanabwerere konse, natchedwa machona. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoyo.

5. Phunziro lake

Mzinda sukula wokha. Ukula ndi mphamvu za anthu a kumidzi. Monga mlimi wa ku Ireland anasiya munda wake kunka ku Glasgow, momwemonso msodzi wa kwa Nankumba anasiya bwato lake kunka ku Joni. Ndipo ulendowo sunathe, pakuti anyamata ambiri a ku Mangochi akali kupita ku South Africa kufikira lero. Mphunzitsi woyendera mabanja adziwa nyumba zimene mayi alima yekha, ndi ana amene adziwa bambo wawo pa foni pokha. Wodziwa mbiri iyi sadzafulumira kunyoza wopitayo. Adzamkumbutsa za banja lake, ndipo adzathandiza otsala pamudzi.

Mafunso

1. Anthu amene anakulitsa mzinda wa Glasgow anachokera kuti?
2. Nchifukwa ninji ansembe amene anafika kwa Mponda anatsala opanda chitetezo cha Apwitikizi?
3. Msonkho wa nyumba unachititsa bwanji amuna kuchoka pamudzi?
4. M'mudzi mwanu muli mabanja angati amene bambo ali kunja, ndipo athandizidwa motani?