Katundu wa a Nambewe

M'mudzi wina wa ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, munali mayi wina amene anthu ankamuitana ndi mfunda wake kuti a Nambewe. Mwana wawo woyamba anakwatiwa, ndipo ankakhala ndi mwamuna wake ku Johannesburg, mzinda umene ambiri amangoti ku Joni. Mwanayo atabereka, mkamwini anatumiza tikiti ya ndege kuti a Nambewe akaone mdzukulu wawo.

Tikitiyo inafika kudakali milungu itatu, koma inapeza a Nambewe ali kalikiliki kukolola chimanga. Tsiku ndi tsiku ankati, "Ndilongedza maŵa." Motero anayamba kulongedza dzuŵa litapendeka, ulendo uli m'maŵa mwake.

Abale ndi anansi anabwera ndi mphatso zoti zikafike ku Joni. Wina anabweretsa ufa woyera, wina mbatata ya kachewere, wina nyemba, ndipo alamu awo anabweretsa botolo lalikulu la thobwa. A Nambewe anaponya zonsezo m'sutikesi pamodzi ndi zitenje, tiyi ndi tizovala ta khanda. Sutikesiyo inakana kutsekeka. Anaikhalira pamwamba, thukuta lili kamukamu, koma sizinathandize.

Mzime wawo, mnyamata wa mu Sitandade 5, anali phee pakhonde kuŵerenga pepala la tikiti. Kenaka anati, "Amayi, pano alemba kuti sutikesi isapitirire makilogalamu 23, ndipo chikwama cha m'manja chisapitirire makilogalamu 7. Mukapitiriza mudzalipira ndalama zina."

"Iwe mwana, ndege yonse ija ingalephere kunyamula ufa wanga?" anafunsa a Nambewe.

Bambo awo, agogo a Mbewe, anaseka. Iwo paunyamata wawo anagwirako ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Masiku amenewo bungwe la Wenela linkanyamula amuna a ku Malaŵi pa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa ulendo wa ku migodi kwa zaka zingapo.

"Mwana wanga Nambewe, ndege si basi," anatero agogowo. "Basi ikalemedwa imayenda pang'onopang'ono, ikatopa imaima m'mbali mwa mseu. Nanga ndege ikaima pati? Oyendetsa ndege amaŵerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta asananyamuke. Amayalanso katunduyo bwino kuti kutsogolo kapena kumbuyo kusalemere koposa. Mnyamatayu wanena zoona. Safunsa anadya phula."

Mnyamata uja anathamanga kukabwereka sikelo kwa bambo wina wogula mbewu. Anamanga sutikesi ndi chingwe, naikoloŵeka pa nthambi ya mtengo wa mango. Muvi wa sikelo unaima pa makilogalamu 31. A Nambewe anagwira pakamwa.

Anatsekula sutikesi ija nayamba kusankha. Poyamba anatulutsa ufa wolemera makilogalamu 5, pakuti ufa wa chimanga umagulitsidwa m'masitolo ku Joni. Kenaka anatulutsa kachewere wa makilogalamu 3 ndi nyemba za kilogalamu imodzi. Izi anazitulutsa mtima ukuŵaŵa, chifukwa mwana wawo ankakonda kachewere wa ku Ntcheu. Koma agogo anawakumbutsa kuti maiko ambiri, ngakhalenso South Africa, salola munthu kuloŵetsa mbewu, zipatso kapena nyama popanda chilolezo. Amaopa kuti zinthu zotere zingabweretse tizilombo ndi matenda oononga minda ndi ziŵeto zawo. Atayezanso, muvi unaima pa makilogalamu 22.

"Thobwali lokha ndinyamula m'manja, ndizikamwa m'njira," anatero a Nambewe.

"Pepani Amayi, nalonso silidutsa," anayankha mnyamata uja. Iye anawaŵerengera malamulo ena a chikwama cha m'manja. Kuyambira m'chaka cha 2006, m'mabwalo ambiri a ndege salola zamadzimadzi zimene zili m'botolo loposa mamililita 100, omwe sakwana ndi theka lomwe la kapu ya tiyi. Mpeni, lumo ndi sizasi saloledwa m'manja. Malo ake ndi m'sutikesi. Koma pawabanki ndi mabatire apadera a foni saikidwa m'sutikesi, chifukwa angathe kuyaka moto kumalo a katundu kumene kulibe munthu woti azimitse. Pasipoti, tikiti, ndalama ndi mankhwala a ku chipatala ziyenera kukhala m'manja nthaŵi zonse. Usiku umenewo banja lonse linamwa thobwa lija mokondwera.

Ali pafupi kugona, anamva "Odi!" pakhomo. Anali mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana nawo, atanyamula phukusi lokulunga ndi mapepala ndi kumata ndi tepi mbali zonse.

"Zikomo amayi, ndamva kuti muli pa ulendo. Mukandiperekereko kaphukusi aka kwa achimwene anga. Iwo akakuchingamirani pa bwalo la ndege, ndipo akakupatsani kangachepe."

A Nambewe anali munthu wachifundo, ndipo anatambasula manja kuti alandire. Koma agogo a Mbewe anati, "Taima, mnyamata. Muli chiyani m'menemo?"

"Ndi tinthu chabe, agogo."

"Ngati ndi tinthu chabe, masula tione tonse."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Anati tepi yomatira inamuthera, ndipo anatsazika msangamsanga, phukusi lake lili m'khwapa.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero agogo. "Ku bwalo la ndege amaunika katundu yense ndi makina. Akapezamo chamba kapena chinthu china choletsedwa, amamanga mwini sutikesi. Sadzamva zoti unangotumidwa. Ukadapita kundende ya dziko la eni, mdzukulu wako osamuona." A Nambewe anakhala chete kwa nthaŵi yaitali, kenaka anati, "Ababa, mwandipulumutsa."

Tambala woyamba atalira, a Nambewe ndi mzime wawo anakwera minibasi pa mseu wa M1. Anadutsa pa boma la Ntcheu, pa Lizulu ndi pa Dedza mpaka ku Lilongwe. Kumeneko anakwera galimoto ina yopita ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la ndege la Kamuzu, limene linatsekulidwa m'chaka cha 1983. Anafika kudakali maola atatu ndege isananyamuke.

Pamzere, mayi wina amene anali patsogolo pawo anapezeka ndi katundu wolemera kwambiri. Analibe ndalama zolipirira, choncho anagwada pansi nayamba kutulutsa zinthu anthu onse akuona, misozi ili m'maso. Itakwana nthaŵi ya a Nambewe, kalaliki anaika sutikesi pa sikelo ndipo inaonetsa makilogalamu 22.

"Kodi mwalongedza nokha katunduyu? Alipo amene wakupatsirani phukusi?" anafunsa kalalikiyo.

"Ndalongedza ndekha, ndipo zonse zili m'menemo ndikuzidziŵa," anayankha a Nambewe mosaopa.

Kalaliki anamata chizindikiro pa sutikesi nawapatsa kakhadi koloŵera m'ndege. A Nambewe anatembenuka nagwira dzanja la mwana wawo. "Limbikira sukulu, mwana wanga. Kuŵerenga kwako kwandichotsa manyazi lero. Ulendo wina ndidzalongedza kudakali sabata yathunthu." Patapita maola aŵiri ndi theka ali m'mlengalenga, anatera ku Johannesburg, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anafukata mdzukulu wawo.

Mau oti muwadziŵe

mfunda, mzime, kalikiliki, kuchingamira, chilolezo, kufukata

Mafunso

1. Kodi a Nambewe ankapita ku Joni kukatani?
2. N'chifukwa chiyani anachedwa kulongedza katundu wawo?
3. Kodi oyendetsa ndege amafuniranji kudziŵa kulemera kwa katundu?
4. Tchulani zinthu ziŵiri zosaloledwa m'chikwama cha m'manja, ndi chinthu chimodzi chosaloledwa m'sutikesi.
5. N'chifukwa chiyani maiko ena salola alendo kuloŵetsa mbewu ndi nyama?
6. Kodi mukuganiza kuti mnyamata wa phukusi uja anakaniranji kulimasula?
7. Sutikesi inkalemera makilogalamu 31. Kodi a Nambewe anachotsamo makilogalamu angati onse pamodzi?

Ntchito

(a) Fotokozani tanthauzo la miyambi iŵiri imene agogo a Mbewe ananena.
(b) Pangani ziganizo zanuzanu ndi mau aŵa: mzime, chilolezo, kuchingamira.
(c) Yerekezani kuti mbale wanu akupita kunja kwa dziko lino pa ndege. Mlembereni kalata yaifupi yomulangiza za kalongedzedwe ka katundu wake.