Timayankho Tating'ono Timene Timachedwetsa Intaneti

Anthu ambiri amadandaula kuti Wi-Fi imayenda mochedwa pamene ogwiritsa ntchito achuluka, monga pa sukulu kapena pa sitolo. Chifukwa chimodzi ndi ichi: lamya imene ilikulandira uthenga siikhala chete ayi, iyonso imalankhula.

Malamulo otumizira mauthenga otchedwa TCP anakonzedwa ndi Vint Cerf ndi Bob Kahn a ku America m'chaka cha 1974. Mwa malamulowa chithunzi sichipita chathunthu. Chimagawidwa m'timitolo, ndipo kamtolo kamodzi kamanyamula pafupifupi mabaiti 1,500. Lamya yolandira iyenera kubweza kayankho kakuti katunduyo wafika. Kayankhoko ndi kakang'ono, mabaiti 40 kapena kupitirira pang'ono. Makina otumiza akapanda kukalandira, amachepetsa liwiro natumizanso kamtolo kaja.

Tsono Wi-Fi, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 1997, ifanana ndi ulalo wa mtengo umodzi. Pa ulalo wotere amaoloka munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Mwamuna wosenza thumba la chimanga akaoloka, mwana wa tsidya lina wonyamula kakalata afunanso nthawi yake, ndipo onse ayenera kumdikira ngakhale katundu wake ndi wopepuka. Momwemonso lamya iliyonse imayamba yamvetsera ngati mpweya uli chete, nidikira kanthawi, kenaka nilankhula. Kudikirako kuli chimodzimodzi pa kamtolo ndi pa kayankho. Ziwiri zikalankhula pamodzi mau amaonongeka, ndipo zonse zibwereza. Chotero timayankhoti timadya nthawi yoposa kukula kwake.

Akatswiri anayesa kuchepetsa vutoli. Mu 1989 anagwirizana kuti yankho limodzi likhoza kuimira timitolo tiwiri, koma lisachedwe kufika theka la sekondi. Mu 2009 malamulo atsopano a Wi-Fi analola kumanga timitolo tambiri pamodzi kuti tioloke ulendo umodzi. Ngakhale zili tero, ulalo ukadali umodzi.

Pali zinthu zitatu zimene ogwiritsa ntchito angachite.

Choyamba, akhale pafupi ndi kabokosi ka Wi-Fi. Lamya yakutali imatumiza pang'onopang'ono, ndipo imakhalitsa pa ulalo pamene ena alikudikira.

Chachiwiri, mavidiyo ndi zithunzi zambiri atumize pa nthawi imene anthu achepa. Katundu wotuluka akachuluka, timayankho timaima pa mzere pambuyo pake, ndipo amene alikulandira amachedwa nawo.

Chachitatu, amene sakugwiritsa ntchito intaneti atseke Wi-Fi pa lamya yake, pakuti lamya zambiri zimatumiza ndi kulandira zinthu mwini wake asakudziwa.

Aphunzitsi ndi eni masitolo achita bwino kufotokozera anzawo zimenezi, kuti mwana wofuna maphunziro ake ndi mlimi wofunsa mtengo wa mbewu asataye tsiku lonse alikudikira.